Tsiku limene ndinataya chingwe alamu anga ali m'chitsime

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi muti mkuluyu wapeka, kapena wathira mchere kuti nkhani ikome, koma ine ndikunenetsa kuti zonsezi zinachitikadi, ndipo munthu amene zinamugwera ali moyo mpaka lero, akuyenda chotsimphina ndi mwendo wakumanzere uko kumapiri a ku Mphunzi. Dzina lake sinditchula, langanso ayi, chifukwa otidziwa atizindikira okha, ndipo osatidziwa dzina silingawathandize kanthu. Komanso tangoganizani inuyo, ndi mwamuna uti amene angakhale pansi n'kupeka nkhani yodzichititsa yekha manyazi ngati imeneyi?

Ine kwathu ndi kutsidya kwa mtsinje wa Linthipe, koma ndinakwatira kumudzi wina wa ku Mphunzi ndipo ndimakhala chikamwini. Mkazi wanga ali ndi achimwene ake aakulu, alamu angawo, ndipo iwo ndiwo mwini mbumba. Munda umene ndimalima chimanga ndi mbatata ya kachewere anandilozera ndi iwo, pamene ndinamanga nyumba anandilozera ndi iwo, ndipo pa nkhani ya ana anga anayi mawu otsiriza ndi awo monga atsibweni. Inu mukudziwa kuti mkamwini akalakwa kwambiri amangomutulutsira katundu panja, ana n'kutsala kwawo. Zimenezi muzisunge, chifukwa ndi zimene zinanditseka pakamwa zaka zitatu.

Tikakolola, alamu ankakumba zitsime m'makomo mwa anthu, ndipo ananditenga ine kuti ndizikhala pamwamba, poti nthawi imeneyo ndinali ndi mphamvu zodabwitsa ndipo ndinkadzitama nazo kwambiri. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pansi ndi piki ndi fosholo yaifupi, kudzaza dothi m'ndowa, wina pamwamba kukoka ndowayo ndi chingwe n'kukataya. Wapansi amaboola kaphanga m'khoma la chitsime koti azibisalamo ndowa ikamakwera, kuopa miyala yogwa. Wapamwamba lamulo lake ndi limodzi lokha. Pakamwa pa chitsime timapingasa chipika chachikulu, ndipo chingwe uyenera kuchizunguliza kawiri pachipikapo, kuti dzanja likaphonya ndowa ingoima m'malere, isagwe. Kuipa kwake n'koti chingwe chozunguliza chimalimba kukoka, ntchito imachedwa, ndiye ine ndi mphamvu zangazo ndinkaona ngati ndi lamulo la anthu ofooka. Alamu akangotsika, ndinkamasula n'kumakoka ndi manja okha. M'mawa uliwonse iwo ankafuula kuchokera pansi kufunsa ngati ndazunguliza, ine n'kuyankha kuti eya, ndazunguliza kale, inu kumbani.

Chaka chimenecho tinapeza ntchito kwa bambo ena achisilamu amene anali ndi golosale m'mbali mwa msewu waukulu, kufupi ndi Linthipe, ndipo ankafuna chitsime kuseri kwa nyumba yawo. Anali bambo achikulire, ofatsa, ovala mkanjo woyera tsiku lililonse. Tsiku la zoopsalo linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, iwo atatseka golosale n'kupita kumzikiti ndi antchito awo, pakhomo patangotsala mayi akunyumba kwawo akuchapa. Chitsime chinali chitazama moti ukasuzumira unkangoona chipewa cha alamu chikugwedera mumdima, ndipo dothi linali litayamba kutuluka lonyowa, kusonyeza kuti madzi ali pafupi. Dothi lonyowa limalemera, abale, ndipo ndowa imeneyo inali yachitsulo, yodzaza mpaka pakamwa, ndi miyala yomwe.

Ndowa ili pakati, ndinamva kulindima ngati lole yaikulu ikubwera, koma osati mumsewu, inkachokera pansi pa mapazi anga. Agalu analira mudzi wonse nthawi imodzi. Kenaka dziko linayenda. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji kwa munthu amene sanazionepo, koma nthaka imene ndinaiponda moyo wanga wonse inasuntha uku ndi uku, malata a golosale anayamba kulira, mitengo ya bulugamu inkagwedezeka popanda mphepo, ndipo mpanda wa njerwa umene unali pafupi nane unangoti phwaa pansi. Mulu wa dothi umene tinaunjika pambali unayamba kutsetserekera m'chitsime. M'mutu mwanga munangobwera chinthu chimodzi, kuti pansi pakutseguka ndipo ndikumezedwa. Kodi ndinaganiza za alamu? Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza, koma ndalonjeza kunena zoona. Manja anga anatseguka okha, ndipo ndinali nditathamanga kale mapazi angapo pamene ndinamva ndowa ikuomba khoma kawiri kenaka n'kugwa pansi ndi phokoso limene mpaka lero ndimalimva m'mano.

Ndinathawa liwiro la mtondo wadooka mpaka m'munda wa mapesi, kumene ndinagwa chafufumimba n'kugwira ziputu za chimanga ndi manja onse awiri ngati kuti zingaimitse dziko. Chivomezicho sichinatenge nthawi, akuti ngakhale mphindi imodzi sinakwane, koma ine ndinagona pamenepo kufikira nditamva mayi aja akukuwa kuti anthu abwere, munthu wakwiririka. Ndinabwerera chokwawa. Pachitsime pankatuluka fumbi lofiira, chipika chili pomwepo, chopanda chingwe, chifukwa chonse chinali chitatsatira ndowa. Ndinaitana alamu, ndinaitananso, ndinawatchula ndi dzina lawo la ubatizo lomwe, chinthu chimene sindinachitepo chikwatirire, koma pansi panali zii.

Mayi aja anathamanga okha kukaitana amuna kumzikiti, ndipo anabwera ambiri, ena opanda nsapato, ndi chingwe chomangira katundu pa lole. Atasuzumira anafunsa kuti ndani akuchidziwa chitsimechi kuti atsike, ndipo maso onse anagwera pa ine. Ndinayesa kuyandikira pakamwa pa chitsime koma abale, ndinalephera, ndinabwerera m'mbuyo anthu onse akuona. Sanandinyoze. Bambo a golosale aja anangovula mkanjo ndi kofia n'kupatsa mkazi wawo, anadzimanga chingwe m'chiuno, n'kuuza anzawo kuti awatsitse pang'onopang'ono. Ali pansi dziko linagwedezekanso pang'ono, akazi anakuwa, ine ndinadziponyanso pansi, koma amuna amene anagwira chingwe chija palibe anasiya ngakhale mmodzi. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga ndili chigonere m'fumbi, ndipo zinandipweteka kuposa chivomezicho.

Alamu anawapeza ali moyo. Kaphanga kaja ndi kamene kanawapulumutsa mutu, koma dothi linali litawakwirira mpaka m'chiuno, ndipo ndowa inali itawaphwanya mwendo pansi pa bondo. Anawafukula ndi manja, anawatulutsa ali mbuu ngati phulusa, osayankhula, n'kuwakweza galimoto ya matola kupita kuchipatala. Tili m'njira munthu wina anandifunsa kuti zinayenda bwanji, ndipo pakamwa panga panangotuluka mawu oti chingwe chinaduka pamene dziko linagwedezeka. Ndani akanakaika? Tsiku limenelo nyumba zinang'aluka, nkhokwe zinagwa, miyala inagubuduzika m'mapiri, ndiye chingwe n'chiyani? Mkazi wanga anandilirira, kuti ndaona zoopsa, apongozi anati tithokoze Mulungu kuti onse awiri mwabwera. Alamu atayamba kuyankhula m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, anthu anawauza kuti chingwe chinaduka, iwo anangondiyang'ana pang'ono n'kutembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo ine sindinalinso munthu. Ndikapita kumsika wa Linthipe kukagulitsa kabichi, lole yolemera ikamadutsa n'kumva nthaka ikunjenjemera, ndinkasiya malonda n'kuthawira kuseri kwa zisakasa, anthu n'kumaseka kuti bamboyu wasuta chiyani. Tsiku lina kutchalitchi kwaya ikuimba, anthu akuponda pansi mwamphamvu, benchi inagwedera, ine ndinadumpha anthu atatu n'kutulukira pakhomo la pambali Misa ili mkati. Kuchitsime cha pamudzi sindinkayandikako. Mkazi wanga akadwala, madzi ankatunga ndi anansi, ine ndili khale pakhonde ngati mlendo. Ndinasanduka wolusa, mwana akangogwetsa mbale ndinkamukalipira mpaka kulira, kenaka ine n'kupita kuseri kwa khola kukalira ndekha. Ena anati ndalodzedwa, ena anati ndi mutu, akhristu anzathu a kumphakati anabwera kudzandipempherera, ndipo onse ankaganiza kuti ndikuopa chivomezi. N'zoona ndinkachiopa, koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali manja angawa, poti ndinali nditadziwa zimene amachita zinthu zikavuta.

Kokalapa ndinkapita, koma ndinkangonena timachimo ta ukali ndi kujomba kutchalitchi, tchimo lalikululo n'kubwerera nalo. Kangapo ndinanyamuka kuti ndikawauze alamu, koma ndikafika pakhomo pawo n'kuona ana anga akusewera pabwalo ndi ana awo, ndinkaganiza za katundu wanga ali panja, ine ndikuoloka Linthipe ndekha, ndiye ndinkangofunsa za mwendo n'kubwerera. M'malo mwake ndinkawalimira munda wonse, kuwapalira, kuwakololera, kuwafolera nyumba. Anthu anayamba kundiyamikira kuti mkamwini ngati uyu sapezeka, ndipo apongozi ankandipatulira chiwindi akapha nkhuku. Mukudziwa kuwawa kwake kwa kudya chiwindi cha bodza?

Chaka chachitatu, chilimwe chitafika, alamu anabwera kwathu m'mawa ndi ndodo yawo, thumba lili paphewa. Anauza mlongo wawo kuti apite kudimba ndi ana, akufuna kucheza ndi ine. Titakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, anandiuza kuti bambo a golosale aja atumiza mawu, chitsime chija chikadali chovindikira ndi malata, ndipo iwo chiyambire ntchito sanasiyepo chitsime chopanda madzi, ndiye akufuna tikachimalize. Ndinati nanga mwendowo, iwo anati m'chitsime munthu sayendamo ulendo, mwendo umodzi ndi theka ukwanira. Ndinati apeze wina wokhala pamwamba, ine ndikudwala, aliyense akudziwa. Anamasula thumba lija, anatulutsa chingwe cha nayiloni chofiirira ndi dothi, n'kuyamba kuchitambasula pabwalo pang'onopang'ono, akutsimphina, kuyambira pamtengo mpaka kukhola. Chinali chingwe chathu chija. Uku kunali ngowe ya ndowa, uko kunali mfundo imene ndinamanga ndekha ndi kansanza kobiriwira kuti ndizigwirapo, ndipo pakati ponse panalibe poduka.

Sindikumbuka kuti ndinagwada liti. Ndinanena zonse, za kumasula chingwe m'mawa uliwonse, za kuwanamiza kuti ndazunguliza, za kuthawa, za m'munda wa mapesi, ndikulira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ndipo ndinamaliza n'kuti ngati akufuna kundichotsa pamudzi andilole ndidikire ana abwere kudimba ndiwatsanzike. Alamu anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenaka anandiuza kuti iwo anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa chingwe chonse chinawagwera pamutu ndipo nthawi yonse imene anali okwiririka kansanza kobiriwira kaja anakagwira m'manja, akuyembekeza kuti mwina ndisuzumira, mpaka anakomoka. Anati bambo a golosale nawonso anaona kuti sichinaduke, ndipo ndi iwo anawabweretsera chingwecho kuchipatala mwakachetechete. Anati chaka choyamba ankafuna kundidula ndi chikwanje, chaka chachiwiri ankafuna kundithamangitsa koma ankawamvera chisoni mlongo wawo ndi ana, ndipo chaka chachitatu atopa kuonera munthu akuwola ali moyo. Ndinafunsa kuti nanga bwanji akufuna ine, mwa anthu onse a m'dziko muno. Anati anyamata amene awayesa onse ndi odzitama ngati mmene ndinalili ine, aliyense akuti sangataye chingwe, ndipo iwo atsika pansi pokhapokha pamwamba pali munthu amene akudziwa kuti chingwe chimatayika.

Tinapita. Musaganize kuti mantha anatha chifukwa ndaulula, ayi ndithu, pamene tinkachotsa malata pachitsimepo ndinasanza. Tinagula chingwe chatsopano, ndinachizunguliza kawiri pachipika, ndinaonjeza kachitatu, ndipo nsonga yake ndinadzimanga nayo m'chiuno, mfundo yake kumsana kumene manja anga sangafike msanga. Alamu ataona anaseka kuti ndikhala ngati mbuzi ya pachikhomo, koma sanandiletse. Anatsika, ndipo atafika pansi anafuula funso lawo lija la m'mawa uliwonse. Ndinayankha kuti ndazunguliza, ndipo kanali koyamba kuti yankho limenelo likhale loona.

Masiku awiri tinachotsa dothi logumuka popanda vuto. Tsiku lachitatu chakumasana, ndowa yodzaza matope ili pakati penipeni, ndinamva kulindima kuja. Kunayambira m'mapazi, kunakwera m'miyendo, malata a golosale anayamba kulira, timiyala ta m'mphepete mwa chitsime tinayamba kugwera mkati. Thupi lonse linatembenuka lokha kuloza kumunda wa mapesi, ndipo ndikukuuzani zoona, phazi limodzi linanyamuka. Chingwe cha m'chiuno chinandikoka. Ndinakhala pansi, ndinaponda chipika ndi mapazi onse awiri, ndinakulunga chingwe m'mikono mpaka chinalowa m'mnofu, ndikukuwa kuti alamu alowe m'kaphanga, alowe m'kaphanga, dziko likutha. Ndinatsinzina n'kuyamba pemphero la Tikuoneni Maria, ndikudikira kuti nthaka inditsegukire, ndipo mumtima ndinati ngati ikundimeza indimeze ndi chingwe chomwe.

Kulindimako kunadutsa n'kumapita chakumpoto. Nditatsegula maso ndinaona lole ziwiri zazikulu zodzaza mitengo ya paini yochokera kuphiri zikutsetsereka mumsewu, utsi uli tolotolo. Bambo a golosale anali ataima pakhonde lawo, akundiyang'ana. Pansi alamu ankafuula kufunsa kuti ndowa yaimiranji m'malere, kapena ndapita kukamwa tiyi. Ine thalauza linali litanyowa, mikono ikutuluka magazi, koma ndowa inali pomwepo, ikulendewera, osataya ngakhale dontho la matope. Ndinaikoka mpaka pamwamba, ndinakhuthula, ndinaibwezera pansi. Madzulo alamu atatuluka anayang'ana mikono yanga, anayang'ana thalauza, n'kungoti mawa tilawirire, madzi ali pafupi. Tinawapeza mawa lakelo, ndipo chikho choyamba bambo a golosale anapatsa alamu, alamu anamwa theka n'kundipatsira.

Mkazi wanga ndinamuuza ndekha, poti alamu anati imeneyo ndi ntchito yanga. Anakhala masiku awiri osandiyankhula, tsiku lachitatu anandiponyera ndowa kuti ndikatunge madzi, zaka zitatu zakwana akutungira munthu wamanja ake. Ndinapita.

Tsopano papita zaka zambiri, mutu wayera, ndipo ndimakhalabe pamwamba pa zitsime. Wina akakuuzani kuti munthu amene waona zoopsa amadzachira n'kubwerera mmene analili, ameneyo sanazione. Ine sindinabwerere, ndipo sindikufunanso kubwerera, chifukwa munthu amene ndinali uja ndi amene anathyola mwendo wa alamu. Lole ikamadutsa mpaka lero ndimaimva m'mapazi anthu ena asanaimve, mtima umathamanga, koma ndimadziwa kuti ndi mantha chabe, abwera ndipo adutsa. Chimene ndimakhulupirira n'choti mantha amene unawavomera pamaso pa anthu amakusandutsa wosamala, pamene obisa amakudya ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Chaka china mvula yamphamvu itagwetsa nyumba m'mudzi mwathu, panali mayi wina amene ankanjenjemera akangoona mtambo wakuda, anthu n'kumamuuza kuti alimbe mtima, zinapita. Ine sindinamuuze zimenezo. Ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera za thalauza langa lonyowa, anaseka mpaka misozi, kenaka anayamba kunena zake.

Ndiye inu amene mumagwira ntchito zoti moyo wa mnzanu uli m'manja mwanu, kaya m'chitsime, kaya podula mitengo kuphiri, musadalire kulimba mtima kwanu, poti simunakuyese. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, zungulizani chingwe dziko lisanagwedezeke, ndipo munthu amene akukuuzani kuti iye saopa kanthu musamupatse chingwe chanu. Ndipo ngati pali chimene munataya tsiku lina n'kunama kuti chinaduka chokha, pitani mukanene lero, musadikire zaka zitatu ngati ine, chifukwa mwina amene mukumubisirayo anachisunga patsindwi pake, chathunthu, ndi kansanza kanu komwe.